Chidole cha Alien cha 1979 chopanda chivindikiro: ndichikonze kapena ndichisiye?

Bambo a Tadala (South Bend): Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Pochokera ku ntchito ya usiku ndinaima pa nyumba ina pamene amagulitsa katundu wakale pabwalo, zija kuno amati garage sale. Agogo ena aakazi akusamuka, ndiye anatulutsa zonse za m'chipinda chapansi: mbale, mabuku, njinga yadzimbiri. M'katoni ya zoseweretsa, pansi pa zidole zaubweya, ndinaona mchira wakuda utatulukira. Nditaukoka, mtima unagunda. Ndi chidole chija chachikulu cha chilombo cha mu filimu ya Alien, chimene kampani ya zidole ya Kenner inapanga mu 1979, cha mainchesi 18. Ndachiyeza ndi tepi, chikupitirira pang'ono masentimita 45.

Agogowo anati ndipereke madola 15. Ndinawauza chilungamo kuti chinthuchi anthu amachifuna kwambiri ndipo mtengo wake si umenewo. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndingochitenga. Akuti mwana wawo wamkulu anachilirira pa Khirisimasi ya chaka chimenecho, koma atachitulutsa m'bokosi mng'ono wake anakana kugona yekha, ndiye chinatsekeredwa pansi mpaka lero. Ndinawasiyira 60, zonse zimene zinali m'thumba.

Vuto ndi ili. Chivindikiro choonekera mkati chija cha pamutu palibe. Mkono wamanzere ukulendewera. Kogwirira ka kumbuyo kwa mutu, kamene kamatsegula kamwa, kauma gwa. Ndipo chikununkha chinyontho. Nditani?

Anaphiri (Leeds): Achimwene, choyamba khalani pansi, manja kumbuyo. Musachithire mankhwala alionse, kaya sipiriti kaya zochotsera utoto wa m'zikhadabo. Pamutupo pali utoto umene umawala mumdima, mukaupukuta ndi mankhwala wapita basi. Madzi ofunda pang'ono, kadontho ka sopo wotsukira mbale, kansalu kofewa, ndi mswachi wa mwana wa m'ming'alu ya nthiti. Osachimiza m'beseni, chifukwa madzi akalowa mkati mwa mutu adzadyetsa dzimbiri tizitsulo. Fungolo lithana nalo ndi mphepo ya pamthunzi, osati dzuwa.

Kogwirirako musakakakamize. Pulasitiki ya zaka zoposa 40 sipinda, imangothyoka.

aMbewe (Zomba): Mwapeza chinthu cha mbiri, a Bambo a Tadala, ndipo nkhani ya agogowo ndi mbiri yeniyeni ya chidolechi. Kenner inali kampani ya ku Cincinnati, ku Ohio, dera loyandikana ndi Indiana kumene muliko. Mu 1978 inalemera ndi tizidole ta Star Wars, tija ta mainchesi atatu ndi chigawo. Pamene kampani ya mafilimu ya 20th Century Fox inatulutsa filimu ina ya m'mlengalenga mu 1979, a Kenner anaganiza kuti mwayi wabweranso. Koma Alien ya Ridley Scott si nthano ya ana. Ku America inapatsidwa chilembo cha R, kutanthauza kuti mwana sangaionere popanda wamkulu. Ndiye taganizani: chidole cha ana, chochokera mu filimu imene anawo saloledwa kuonera, chili ndi mano awiriawiri, ena mkati mwa ena. Makolo anadandaula, malonda sanayende, masitolo anachitsitsa mtengo kuti chingochoka. Zambiri zinathyoka m'manja mwa ana, zina zinatayidwa. N'chifukwa chake lero chasowa.

Anakonzanso tizidole ting'onoting'ono ta anthu a mu filimuyo, Ripley, Dallas, Ash ndi Kane, koma sitinafike m'sitolo. Zitsanzo zake zinangokhala m'manja mwa osonkhanitsa mpaka 2013, pamene kampani ya Super7 inatitulutsa pa dzina la ReAction, titapakidwa pa kakatoni ngati kuti ndi ta 1979.

Gama (Johannesburg): Ine ndinena mosabisa. Gulitsani. Musachikhudze n'komwe, ngakhale fumbi lisiyeni, jambulani zithunzi zabwino muike pa eBay, msika uja wa pa intaneti. Osonkhanitsa enieni amakonda kukonza okha. Ndalamayo mugule zidole zinayi kapena zisanu zatsopano za kampani ya NECA, za mainchesi 7, zokhala ndi mfundo zopinda bwino, nkhope zake ngati zatuluka mu kanema. Cha Kenner chija tikanena zoona n'chouma, manja ngati mitengo, sichingaime mmene chilombocho chimaimira mu filimu.

Anaphiri (Leeds): A Gama, za NECA mudzazipeza chaka chamawa ndi chaka chinacho. Ichi sadzachipezanso pabwalo la munthu.

Mayi a Chisomo (Lilongwe): Pepani alamu, ine ndinalowetsedwa pagulu pano chifukwa cha zidole za ana zimene ndimaoda, sindidziwa za mafilimu anuwa. Koma chithunzi mwatumizachi chandizizira thupi. Chinthu chopanda maso, mutu ngati chigaza cha munthu wakufa, mukuchiika m'nyumba mmene mukugona Tadala? Ine sindikuweruzani ayi, koma ndikufunsa ngati mayi. Zinthu zina zimabwera ndi zake. Amene anachiganiza chinthu chotere anachiona kuti?

Bambo a Tadala (South Bend): Alamu, funso lanu ndalilandira, ndipo mayi ake a Tadala anafunsa lomwelo Loweruka. Pakali pano chili m'galaja. Sindichilowetsa m'nyumba tisanagwirizane.

aMbewe (Zomba): Mayi a Chisomo, mwafunsa bwino, ndipo yankho lilipo, chifukwa amene anachipanga amadziwika ndi maina. Anachijambula ndi H. R. Giger, mmisiri wa zojambula wa ku Switzerland. Mwaona bwino za chigaza: pansi pa chivindikiro chija Giger anaikadi maonekedwe a chigaza cha munthu, ndipo mu filimu sichioneka kwenikweni chifukwa chivindikirocho chimachiphimba. Pa chidole cha alamu anu chikuonekera poyera chifukwa chivindikiro chinatayika. Mutu woyenda ndi zitsulo, uja wotulutsa kamwa lachiwiri, anaupanga ndi Carlo Rambaldi wa ku Italy. Awiriwa pamodzi ndi anzawo analandira mphoto ya Oscar mu 1980 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Koma chimene ine chimandigwira mtima ndi munthu amene anali mkati mwa chovalacho. Dzina lake Bolaji Badejo, mnyamata wa ku Lagos, ku Nigeria, amene amaphunzira zojambulajambula ku London. Anthu a filimu anasowa munthu wamtali ndi woonda mokwanira, mpaka wina anamuona m'bala ina ku Soho. Anali wopitirira mamita awiri, miyendo ndi manja zazitali zedi. Anamuumba thupi lonse kuti chovalacho chimukwane iye yekha, anamuphunzitsa kuyenda pang'onopang'ono, mosafanana ndi munthu. Chifukwa cha mchira uja sankatha kukhala pampando, ndiye anamukonzera chokhalira cholendewera ngati katungwe kuti azipumirapo. Filimu imene anasewera ndi imodzi yomweyo. Anabwerera kwawo, anatsegula malo oonetserapo zojambula ku Lagos, ndipo anamwalira mu 1992 ndi matenda a sickle cell ali ndi zaka 39.

Ndiye mukaona kutalika kwa miyendo ya chidolecho ndi kuonda kwa chiuno chake, mukuona msinkhu wa mnyamata ameneyo. Ine ndikachiona sindiona chiwanda. Ndimaona mwana wa eni ake atavala mphira wotentha tsiku lonse ku Shepperton Studios kumene ankajambulira filimuyo, akupuma movutikira, nkhope yake osaoneka ngakhale kamodzi.

Mayi a Chisomo (Lilongwe): Sickle cell ndiye ndikuidziwa, mwana wa achemwali anga amadwala imeneyo. Munthu wodwala choncho kupirira m'chovala cha mphira tsiku lonse, ayi anali wolimba mtima. Zikomo aMbewe, sindimadziwa kuti munali munthu mkatimo. Komabe alamu, m'chipinda cha mwana ayi.

Bambo a Tadala (South Bend): M'chipinda cha mwana ayi, pamenepo tagwirizana.

Nkhoma (Ndirande): Akuluakulu, mundilole nane ndiponyepo. Ine sindinagulepo chidole m'sitolo, zanga zonse ndi za pakaunjika. Mabelo a zoseweretsa akatsegulidwa ku Limbe ndimakhala pomwepo m'mawa, kufufuza pansi penipeni pamene pamatsalira zothyoka zimene amayi sazifuna. Chaka chatha ndinapeza chilombo chakuda ndi buluu, manja akuluakulu ngati nyani wamkulu, mutu wake wofewa ukaufinya. Wogulitsa anati ndingotenga pa mtengo wa zothyoka chifukwa ana amachithawa. Pansi pake palembedwa 1992. Kodi chimenechi n'chachibale ndi cha a Bambo a Tadala?

Ine Alien sindinaionere ndili mwana. Yathu inali Predator, filimu ina ya chilombo cha m'mlengalenga, m'vidiyo sho ya kuseri kwa msika, titakhala pa mabenchi, wina atakubisa kumbuyo chifukwa ndalama yolowera yaperewera. Tikatuluka timapita kudambo kukaumba. Anzanga amaumba ng'ombe, ine ndimaumba Predator, tsitsi lake ndimaika timizere ta mphira wa chubu cha njinga. Mpaka pano ndimaumbabe, koma tsopano ndi waya mkati.

Anaphiri (Leeds): Nkhoma mng'ono wanga, chimenecho ndi Gorilla Alien, cha Kenner yomweyo! Mutu wofewawo ndi wa madzi: umauviika m'kapu, kuufinya, kenako chimalavula. Mu 1992 Kenner inayesanso, koma ulendo uno mochenjera. Inapanga zilombo zosakanizidwa ndi nyama, china ngati ng'ombe yamphongo, china ngati chinkhanira chimene chimaphulika zidutswa ukadina kabatani, pambuyo pake china ngati njoka, china ngati chipembere. Mitundu yowala, asilikali okhala ndi mfuti zazikulu kuposa iwo eni, ndi kabuku ka zithunzi m'paketi. Zimenezo ndiye zinayenda malonda, ndipo pasanapite nthawi anawonjezera za Predator. M'mafilimu mulibe chilombo cha nyani chotero, anachipeka ndi a Kenner okha. Zaka zapitazi NECA inapanganso zina mwa zimenezi mwatsopano polemekeza zakalezo, koma chako ndi chiyambi chake. Chisunge.

Ndipo titumizire chithunzi cha Predator wako wadothi. Ndikunena zoona, ndikufuna kumuona.

Gama (Johannesburg): Poti mwatchula vidiyo sho, mukudziwa kuti amene anayamba kuvala chovala cha Predator anali Jean-Claude Van Damme? Anapita naye mpaka ku nkhalango za ku Mexico kumene amajambula, koma chovala choyambacho sichinagwire ntchito. Anachitaya, mmisiri woumba zilombo Stan Winston n'kupanga chatsopano, chija cha zibwano zotseguka mbali, ndipo anavala ndi Kevin Peter Hall, chimphona cha mafiti 7 ndi mainchesi awiri. Filimu inatuluka mu 1987. Tikanadziwa zimenezi tili pa mabenchi paja, bwenzi mkangano woti wamphamvu ndani pakati pa Van Damme ndi Arnold Schwarzenegger, ngwazi ya mu Predator, utafika pena.

Koma ndibwerere pa nkhani ya chivindikiro, chifukwa ndili ndi bala pa zinthu zogula pa intaneti. Ndinasunga marandi miyezi itatu kuti ndigule Predator wina. Wogulitsa anaika zithunzi zokongola, bokosi lake lenileni, mtengo wotsikirapo pang'ono. Litafika phukusi, nditangotsegula, fungo la mafuta a galimoto linandilandira. Utoto wa pankhope unali wopakidwa ngati ndi chala, maukonde a pathupi ojambulidwa mokhota, ndipo nditati ndipinde bondo, mwendo unatsalira m'manja. Inali feki. Ndinalemba mauthenga, munthu uja anazimiririka. Ndiye a Bambo a Tadala, mukamafuna chivindikiro, dziwani kuti ambiri amene amalemba kuti orijino akugulitsa chokopera.

Anaphiri (Leeds): Pepani a Gama, zimawawa zimenezo. Koma chokopera pachokha si tchimo ngati wogulitsa wanena poyera kuti n'chokopera. Tchimo ndi bodza. Alipo anthu amene amaumba zivindikiro zatsopano n'kulemba momveka kuti si za 1979, ndipo pa shelefu zimaoneka bwino. Lamulo langa ndi limodzi: chilichonse chimene mwawonjezera chikhale chochotseka. Guluu ayi. Utoto watsopano ayi. Ndipo tsiku limene mudzagulitse, mudzanene kuti chivindikirocho si chake.

Za mwendo wothyokawo, ngakhale zenizeni zimathyoka ngati mwazipinda zikuchokera kozizira. Chidole chatsopano chikafika, makamaka kuno nyengo yachisanu, mfundo zake zimakhala zitagwirana ndi utoto. Ndimachiviika m'madzi otentha, osati owira, kwa mphindi imodzi, kapena kuchiuzira ndi choumitsira tsitsi, kenako n'kupinda pang'onopang'ono. Ndinaphunzira nditathyola dzanja la Ripley wanga woyamba, uja wa mu Aliens ya 1986, ndipo ndinalira ngati mwana chifukwa ndinamugula ndi malipiro anga oyamba a ku chipatala kuno. Koma njira imeneyi ndi ya zidole zamakono zofewa. Cha 1979 chija ndi pulasitiki youma, musachiyese ndi madzi otentha.

Nkhoma (Ndirande): Achemwali, nanga kunoko vuto si kuzizira. Mwezi wa October m'nyumba ya malata, zidole zanga zina zimachita nembenembe, zomata m'manja ngati zapakidwa uchi, fumbi n'kukakamira. N'chiyani chimenecho?

Anaphiri (Leeds): Ndi mafuta amene amasakaniza mu pulasitiki kuti ikhale yofewa. Kukatentha amatuluka pamwamba. Tsuka ndi sopo wa mbale, umitsa pamthunzi, ndipo usazitsekere m'jumbo kapena m'chigubu chosalowa mpweya, chifukwa m'menemo ndi mmene zimamatira kwambiri. Ziike pansi pansi, kutali ndi malata ndi zenera. Nyengo ya mvula ponyamo timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, timayamwa chinyontho. Ndiponso zofewa zisagundane ndi zouma kwa nthawi yaitali, zimasungunulana pamene zakhudzanapo.

aMbewe (Zomba): A Gama ananena kuti cha Kenner n'chouma poyerekeza ndi zamakono, ndipo sakunama. Koma tizikumbukira kuti zamakonozi zinachokera kutali. Kuyambira 1979 mpaka m'ma 1990, makampani ankaonabe kuti chidole ndi cha mwana, ndiye ankachepetsa kuopsa. Zinasintha pamene kampani ya McFarlane Toys inayamba kutulutsa zidole za Movie Maniacs mu 1998, zopangira akuluakulu amene anakula ndi mafilimuwa. M'menemo ndi mmene munatulukira zilombo za The Thing, filimu ya John Carpenter ya 1982, ija ya anthu otsekeredwa ku Antarctica osadziwa kuti mnzawo weniweni ndani. Ine ndili nacho chimodzi, mutu wa munthu womera miyendo ngati kangaude, anandibweretsera mwana wanga. Filimu imeneyo itatuluka anthu anaikana, inabwera patangopita milungu iwiri chitulukire filimu ya E.T., pamene aliyense amafuna mlendo wa m'mlengalenga wachifundo. Amene anaumba zilombozo, Rob Bottin, anali mnyamata wa zaka 22 zokha, ndipo anagwira ntchito usana ndi usiku mpaka anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutopa. Munalibe kompyuta m'zimenezo. Zonse zinali mphira, waya, ndi manja a anthu obisala pansi pa tebulo.

Ndiye Nkhoma, iwe ndi waya wako ndi dothi lako ukugwira ntchito yomweyo imene ankagwira anthu amenewa. Usaleke.

Nkhoma (Ndirande): Zikomo bambo. Ndatumiza chithunzi. Chigoba cha kumaso ndinadula ku chitini cha mafuta ophikira, n'kuchikhula ndi mchenga kuti chisawale kwambiri.

Anaphiri (Leeds): Eee, Nkhoma! Zibwano zija wazipanga ndi chiyani? Zikuoneka ngati zitseguka.

Nkhoma (Ndirande): Ndi minga ya mthethe, achemwali, inayi. Ndinaibaya dothi lisanaume.

Gama (Johannesburg): Ameneyu ndiye ndingagule ndi mtima wonse, podziwa kuti palibe wina wofanana naye. Nkhoma, tilankhulane kumbali. Alipo amalume ena amene amabwera ndi basi mwezi uliwonse, akhoza kunditengera ngati utamukulunga bwino m'nsanza.

Koma a Bambo a Tadala, ine maganizo anga sanasinthe. Chinthu chimene simungachiike pabalaza, simungachipinde, simungachisiye padzuwa, chikukupindulirani chiyani? Madola amenewo kumudzi ndi matumba a feteleza.

Bambo a Tadala (South Bend): A Gama, mawu anuwo ndi olemera, ndipo ndawaganizira usiku wonse ndili ku ntchito. Feteleza wa chaka chino ndinatumiza kale mu September, ndiye sindikulanda munthu chakudya pakamwa. Ndikadzapanikizika ndidzagulitsa, ndipo ndidzanena zonse zimene ndachichita.

Dzulo madzulo ndinachita monga ananenera Anaphiri. Ndinayala thaulo patebulo la m'galaja, madzi ofunda m'kambale, mswachi wakale wa Tadala. Madzi anada katatu. M'ming'alu ya nthiti munali fumbi louma ngati dothi, ndipo m'kamwa ndinatulutsamo kachidutswa ka pepala lokulungira mphatso, kofiira, kokhala ndi nyenyezi yagolide. Ndiye kamene kanatsekereza mano amkati. Ndinakachotsa ndi kopanira nsidze ka mayi a Tadala, ndipo ndakasunga m'envelopu.

Mayi akewo anabwera kudzandiitana ku chakudya, n'kundipeza ndikuwerenga uthenga wa aMbewe. Ndinawawerengera wonse, za mnyamata wa ku Lagos uja. Anakhala chete, kenako anati chikhoza kulowa, koma m'kabati ya galasi ya m'kachipinda kanga, chitseko chotseka, ndipo Tadala adzachiona akadzafunsa yekha.

Chivindikiro ndaganiza zoyamba ndadikira. Ndikapeza chokopera kwa munthu wonena zoona ndidzagula, chongoika popanda guluu. Mkono ndausiya mmene ulili.

Anaphiri (Leeds): Nanga kamwa? Mwayesa?

Bambo a Tadala (South Bend): Ndinadikira mpaka m'mawa uno kuti chiume. Ndinachisiya pansi pa nyali kanthawi, kenako ndinazimitsa magetsi a m'galaja. Mizere ya pamutu ija ikuwalabe, mobiriwira, mofooka koma ikuoneka. Ndinagwira kogwirira kaja ndi chala chimodzi, osakankha, kungokhudza. Kanayamba kalira kaye pang'ono, kenako kanayenda. Chibwano chinatsika, mano amkati n'kutuluka, n'kubwereranso nditasiya.

Mayi a Chisomo (Lilongwe): Alamu, kachidutswa ka pepala kaja mukawapatse agogo aja asanasamuke. Ndi ka Khirisimasi ya mwana wawo.

Bambo a Tadala (South Bend): Akunyamuka Lachisanu. Ndidzera konko mawa pochokera ku ntchito.